Chitenje cha pa Kaliyala ya a Mathero

Aliyense wa ku Namitambo amene ankadya matemba m'zaka zimene zipani zinangochuluka kumene akuwakumbukira a Pius Mathero. Anali munthu wamtali, wowonda ngati nsungwi, wosayankhulayankhula, wokwera njinga yakuda ya Hamba imene belu lake linkafika pamsika mwini wake asanaoneke. Makolo awo ndi aja anachoka ku Mozambiki wapansi, kudzera kuseri kwa phiri la Mulanje, ndipo anthu ankawaseka kuti ulendo umene agogo anauyamba ndi mapazi, mdzukulu akuupitiriza ndi mapedulo. Njingayo anaigula atatopa ndi kuthyola tiyi ku Thyolo. Anabwera nayo ku chikamwini kwa a Esnat pamodzi ndi bulangete ndi khasu, ndipo chuma chawo chonse chinali chomwecho.

Ntchito yawo inali ya nsomba. Ankalawirira m'bandakucha, dengu atalimanga pa kaliyala ndi malegeni, n'kutsetsereka cha ku Milepa, kudutsa chigwa cha Phalombe kumene dzuwa limawotcha ngati munthu unalilakwira, mpaka ku doko la Swang'oma pa nyanja ya Chilwa. Ankagona komweko, mawa lake n'kukwera nazo nsomba: matemba, makumba ndi milamba yowamba. Njirayo ankaidziwa ngati khonde la nyumba yawo, pamene pali mchenga wotsitsa munthu panjinga, pamene pali minga yoboola chubu, pamene pali mayi wa thobwa losasungunula. Ngakhale chaka chija nyanja inaphwa, anthu n'kumayenda wapansi pamene pankayenda mabwato, a Pius sanaiyimike njinga. Ankatsata milamba m'mathawale otsala a m'mitsinje, ndipo pakhomo pawo ana sanagone ndi njala.

Tsono a Esnat. Mayi wakhama, waukhondo, wosadziwa kumana mlendo chakudya, koma pakamwa, ha! Mawu ankayamba atuluka, nzeru n'kumabwera pambuyo. Mwana wawo woyamba, Helena, atasiya sukulu n'kuthawa ndi dalaivala wa lole wa ku Limbe, a Esnat anaima pamsewu mudzi wonse ukumva: "Phazi lako lisadzapondenso pakhomo pano! Ndikadzafa udzangomvera pa wailesi!" Kuyambira pamenepo dzina la mwanayo silinkatchulidwa m'nyumbamo, kupatula poitana amuna awo, poti pakamwa panazolowera kale kunena kuti abambo a Helena.

Chikayiko chinalowa kudzera pa tsache. Njinga inkagona m'nyumba, ndipo m'mawa uliwonse a Esnat ankasesa dothi logwa ku matayala. Zaka zonsezi dothilo linali makande akuda a kuchigwa, omata, ouma ngati phale. Koma dzinja lina anayamba kusesa katondo wofiira. Anawerama, kumutola, kumufikisa m'zala. Ku Chilwa kulibe katondo, ndipo zimenezo amazidziwa ngakhale mwana.

Sananene kanthu, chimene kwa iwo chinali chozizwitsa. Anangotsegula maso. Anaona kuti dengu likubwera losadzaza, nsomba zake zofumbwafumbwa ngati zogula kwa anzawo panjira. Anaona kuti nkhuku zikutetera koma mazira sakuoneka. Shuga wa m'chitini ankatsika yekha. Bambo amene kale ankabwera akununkha utsi wa nsomba tsopano ankayamba wasamba m'manja ndi sopo asanakhale pansi, n'kumangoyang'ana kumodzi ngati wamva uthenga wa maliro.

"Abambo a Helena, kunyanja kuli bwanji masiku ano?"

"Kuli bwino."

"Msewu wa ku Swang'oma authira katondo?"

A Pius anayang'ana matayala, kenaka pansi. "Njira n'zambiri, amayi."

Njira n'zambiri! A Esnat anamva mtima ukuwira. Anthu a nsomba ankawadziwa mbiri yawo, mkazi kumudzi, mkazi kudoko, wina wapanjira woperekera madzi akumwa. Ndipo imeneyi inali nthawi imene matenda obwerawa ankalowa nyumba ndi nyumba, maliro sabata iliyonse, moti mwamuna akayamba kusochera, mkazi sankangoopa mpikisano wokha, ankaopanso manda. Mantha amenewo ndi amene ankawasowetsa tulo.

Kenaka anapeza chitenje. Chinali chopinda bwino, chobisidwa pansi pa masaka m'dengu, chamaluwa achikasu, cha atsikana a m'tauni. Sichinali chawo, sichinali cha wina aliyense wa m'mudzimo. Chapakati chinali chokokeka ndipo nsonga zake zinali zokwinyika ndi mfundo, kaya ankamangira chiyani. A Esnat sanafunsenso. Anachipana m'khwapa, ulendo wa kwa achimwene awo a Aubrey, mwini mbumba.

A Aubrey anali munthu wokonda milandu kuposa khasu, ndipo mlamu wawoyu sankamukonda chiyambire, ati munthu wosaseka amabisa zambiri. Madzulo a tsiku lomwelo anamuitanitsa pansi pa mtengo wa mango, chitenje atachiyala poyera.

"Alamu, ichi n'cha yani?"

A Pius anachiyang'ana. "N'cha munthu."

"Tikudziwa kuti si cha mbuzi. Munthu wake ndani?"

"Ndinalonjeza kuti sindinena."

"Mwamva, achimwene? Mwamva?" a Esnat anaomba m'manja. "Analonjeza! Ine anandilonjeza ku tchalitchi pamaso pa abambo mfumu, koma lonjezo lokoma ndi la patchire! Mazira anga akunenepetsa hule!"

A Pius anagwedezeka ngati awamenya khofi, koma pakamwa anatseka ndithu. A Aubrey anagamula mosavuta. Mkamwini amene sayankha eni mudzi atenge bulangete lake azipita. Anawapatsa mpaka Lamulungu kuti aganize bwino, ndipo njinga anaikankha okha kukaitsekera m'nyumba mwawo.

"Alamu, njinga yokhayo ndipatseni," anatero a Pius. "Mawa lokha. Ndapota nanu."

M'zaka zonse za banja lawo a Esnat anali asanawamvepo amuna awo akupempha chinthu kwa munthu. Zinawapweteka kwambiri kuti tsiku loyamba kupempha, akupemphera mkazi wina.

Kutacha a Esnat anamva chitseko chikutsegulidwa pang'onopang'ono. A Pius anatuluka wapansi, opanda dengu, opanda bulangete. A Esnat anawalola afike pa mjigo, kenaka anadzuka, chitenje chija m'khwapa, kuti akamuponyere mwini wake kumaso. Ankawatsata chapatali, akubisala m'minda ya nandolo. Bamboyo sanalowere kum'mawa, njira ya ku Milepa, ayi. Anakwera chakumtunda, kumene njira ndi yofiira, ndipo dzuwa litakwera a Esnat anazindikira kumene akupita: kumudzi kwawo kwa a Pius, m'dera la Kadewere, kumene kunkakhala mchemwali wawo a Falesi. Ohoo, ndiye a Falesi ndiwo akusunga mkaziyo! Alamu omwe aja ankabwera kudzadya nkhuku pakhomo pawo! A Esnat analuma mano.

Anabisala kuseri kwa nkhokwe ya eni ake, akuyang'ana. Sipanapite nthawi, a Pius anatuluka m'nyumba ya a Falesi chowerama, atabereka munthu kumsana. Anali mkazi, kumutu atafunda nsalu, miyendo ikulendewera, yowonda ngati timitengo. A Falesi ankatsatira pambuyo ndi kabotolo ka madzi. Analowera njira yopita ku chipatala cha mishoni ku Nguludi, mtunda umene ngakhale panjinga munthu amafika atatuluka thukuta.

Wina akanaima kaye n'kuganiza. A Esnat ayi. Ataona miyendo ija, mantha awo onse anasanduka moto, poti anaona kuti mkazi wa amuna awo ngodwala, ndiye kuti matenda alowa kale m'nyumba mwawo. Anatumphuka akukuwa.

"Ndakugwirani lero! Mkazi wa mazira uja ndi ameneyu? Mwandipha, abambo a Helena, mwandipha ine! Tione nkhope yake!"

"Alamu, dikirani!" anakuwa a Falesi.

Koma dzanja linali litafika kale. Nsalu inagwa pansi.

Tsitsi linali lapepuka, masaya alowa, milomo yasweka. Koma kachipsera ka pamwamba pa diso lamanzere kanali pomwepo, kamene mwana anakapeza atagwa pa mtondo akuphunzira kuyenda.

"Amayi," anatero Helena, kenaka anatsokomola nthawi yaitali, bambo ake akumugwiriziza. "Musawakalipire ababa. Ndinawaletsa ndine. Ndimafuna ndiyambe ndanenepako pang'ono, ndiye ndibwere mudzandione."

A Pius anayankhula akuyang'ana pansi, ndipo aka kanali koyamba kunena mawu ambiri chotero. Dalaivala uja anamuthamangitsa Helena atayamba kudwala chifuwa chachikulu. Amene anamupeza ndi mnzawo wa nsomba ku Limbe, akugona pakhonde la sitolo. Kwawo anakana kupita, ati amayi ananena kale. Ndiye anakamusungitsa kwa a Falesi, n'kumamutengera ku Nguludi masiku olandira mankhwala, ndipo poti analibe mphamvu zogwirira chishalo, ankamukhazika pa kaliyala n'kumumangirira m'chiuno mwawo ndi chitenje chake chomwe kuti asagwe pa zitunda. Lero linali tsiku la mankhwala, ndipo asisitere anawauza kuti asadumphitse.

A Esnat anayang'ana mapazi a amuna awo, ofiira ndi katondo, ong'ambika kale ulendo usanayambe. Anakumbukira mawu amene anatchula dzulo pansi pa mango, ndi amene anakuwa pamsewu zaka zija, ndipo manyazi anawagwira mpaka m'mafupa. Mlomo wawo womwe ndi umene unagoneka mwana wawo pakhonde la sitolo, ndipo ndi womwewonso unatsekera njinga.

"Mutuleni," anatero.

"Amayi a Helena..."

"Ndati mutuleni! Msana wake ndi uno. Inu thamangani kwa achimwene mukatenge njinga, mutipeza panjira. Akakana, thyolani chitseko, mlandu wake ndi wanga."

Anawerama pakati pa njira. A Falesi anawathandiza kumukhazika mwanayo kumsana, ndipo a Esnat anatambasula chitenje chamaluwa achikasu chija, kuchiponya kumbuyo monga ankachitira kale, n'kukokera nsonga zake pachifuwa. Anaimirira mosavutika n'komwe, poti mtolo wa nkhuni unkalemera kuposa pamenepo. Helena anatsamiritsa mutu pakhosi pawo. Atamanga mfundo, anaona kuti nsonga za chitenje zatsala zazitali, zikulendewera mpaka pamimba, ngati abereka khanda. Apo ndi pamene anayamba kulira, koma sanaime, anapitirira kuyenda.