Ulusi wa Masaka a Ufa

Ndinali pampopi, chigubu chili pakati kudzaza, pamene mwana wanga wamkazi anatulukira pakona kwathu ku Mtendere akukankha wilibala, makina anga osokera ali momwemo atafunditsidwa chitenge. Asanafike n'komwe anakuwa: "Amai, simuyenda kumudzi! Si imwe, ni makina!" Chigubu ndinachisiya chikusefukira. Ndinavina ine, ndinavina pamatope pomwepo, gogo wamkulu ngati ine.

Zaka zimenezo amuna ankachotsedwa ntchito, salaula, zovala zakaunjika zija, itadzaza misika. Nyumba ndinkaidyetsa ndi singano: kuchepetsa madiresi, kupinda mayunifolomu, kusoka vitenge. Koma maso anayamba nkhungu. Makina anga akale opalasa ndi phazi sankanena kanthu ulusi wapansi ukatha pa bobini. Singano imangoboola nsalu, iwe n'kumati ndasoka. Mayi wina wa ku Kalingalinga anazindikira ali kale m'tchalitchi kuti m'khwapa mwa diresi yake munali mabowo okhaokha, msoko mulibe.

Ana anga anakhala pansi. Wamwamuna anati, "Amai, mwakalamba, kapumuleni kumudzi." Kumudzi kumene ndinachokako ndili namwali! Wamkazi anakana. Anakandipezera makina amagetsi ogwirapo kale ntchito, okhala ndi kanyali kofiira. Ulusi wapansi ukatsala pang'ono, kanyali kamaphethira, makina n'kulira pi, pi, n'kuima. Tinapangana kuti ndikawatha nditsala, akandikanika ndikwera basi.

Masabata awiri tinamvana bwino. Kenaka pi, pi, bobini ili yodzaza. Ndichotse, ndibwezere: pi, pi. Ndikulunge ina: pi, pi. Ndinawathira mafuta, ndinawazima n'kuwayatsa, ndinawaimbira nyimbo zakwaya, ayi ndithu. Wamwamuna uja anati, "Mwaona? Muika mopotoka, simuona bwino." Ndinayamba kusankha mumtima mapoto oti ndidzanyamule.

Ndiye tsiku lapampopilo mwana wanga anali atawatengera kwa mkonzi wa ku Kalikiliki. Anandifotokozera akupuma wefuwefu. Mkonziyo anatsegula kachitsulo kapansi pa singano, n'kumuonetsa kagalasi kochepa ngati njere ya mpunga, kamene kamayang'anira ulusi. Kanali katakwiririka ndi ubweya woyera.

"Anandifunsa ati, 'Bamai banu basoka na chani, thonje?'"

Ndinaseka mpaka misozi, chifukwa ndinadziwa. Ulusi wam'sitolo unali utakwera, ndiye ndinkamasula uja wosokera pakamwa pa masaka a ufa, kuugawa pawiri, kuukulunga pa bobini. Wapansi ndani amauona? Makina akale ankaudya zaka ndi zaka osadandaula. Atsopanowa ubweya wake unawaphimba, n'kumayesa kuti ulusi watha. Mkonzi anapukuta ndi kaburashi, basi. Anati ulusi waubweyawo ndiuleke, ndipo Loweruka lililonse ndizisesa pansipo.

Tinawaika pakhonde, magetsi aliko mwamwayi. Wamwamuna anabwera ataitanidwa, anaima manja ali m'thumba. Ndinasoka msoko wautali, wautali, makina ali chete. Ulusi utatsala pang'ono, pi, pi. Anatsegula yekha, anayang'ana, anapeza ndi zoona.

"Basi, amai, khalani," anatero. "Koma masaka muwasiye."

"Undigulire ulusi, wamaso abwino iwe!"

Nthungululu zanga zinaitana anthu. Anabwera mpongozi wanga, ufa uli m'manja. Anabwera amake mapasa apampanda, ndi ogulitsa makala apakona. Anabwera mchemwali wanga wa ku Chawama amene anali paulendo wina. Anabwera amayi atatu akwaya, mlamu wanga wopuma ntchito kumigodi, aneba achibemba ogulitsa vitumbuwa, zidzukulu zanga zonse, ndi mayi uja wa ku Kalingalinga.