Mwamuna wa Phungu

Ndinafika ku Luwawa ndili mnyamata, kuchokera kwathu ku Dedza, kudzagwira ntchito yocheka matabwa m'nkhalango ya paini. Chitumbuka sindinkadziwa ngakhale moni. Anzanga a pamacheka anali ochokera m'maboma osiyanasiyana, choncho tinkangoyankhulana Chichewa, nkhani n'kumayenda.

Loweruka lililonse kunkabwera mtsikana wina wamtali kudzagula matabwa otsala, aja okhota ndi amakungwa amene mabwana sankawafuna. Ankawasankha limodzilimodzi, n'kupempha malo pa lole yopita ku boma la Mzimba, kumene ankakawagulitsa kwa akalipentala. Tsiku lina ananyamula thabwa limene ndinacheka ine, naliyang'ana ndi diso limodzi kuyambira kunsonga.

"Achimwene, ili mwalicheka muli m'tulo?"

Anzanga anaseka. Ine ndinati thabwa ndi thabwa basi.

"Ndapota, musadzandipangire chitseko," anatero iye, n'kuliponya pa mulu wake ndithu.

Sabata yotsatira ndinamusungira matabwa owongoka bwino. Sabata inayo ndinamusungiranso. Mvula isanagwe kawiri ndinali nditatuma malume kwa makolo ake, kumudzi wina kum'mwera kwa boma. Malume atamva za ng'ombe za malowolo anagwira pakamwa, poti kwathu mwamuna amangonyamula khasu n'kukakhala kwa mkazi. Koma apongozi anga anali munthu wanthabwala. Anati ng'ombe zizibwera pang'onopang'ono, chachikulu ndiphunzire kupereka moni ngati munthu.

Mkazi wanga sankakhala pansi. Tinayamba ndi kashedi kuseri kwa msika, kenako tinachita lendi sitolo, momwe tinaikamo malata, simenti, misomali ndi penti. Pafupi nafe panali mkulu wina wachisilamu wogulitsa nsalu, amene anamuphunzitsa kupikula katundu ku Mzuzu. Ine ndinasiya ntchito ya m'nkhalango n'kumayendetsa pikapu yathu. Patapita zaka tinamanganso chigayo kumudzi kwawo.

Zandale zinalowa m'nyumba mwathu kudzera pamtsinje. Pakati pa mudzi wa apongozi ndi chipatala pali mtsinje umene chilimwe umadumphika ndi mwana, koma dzinja umakwiya. Chaka china msuweni wa mkazi wanga anachirira m'mbali mwa mtsinjewo, ngolo italephera kuwoloka. Mayi ndi mwana anapulumuka onse. Mkazi wanga anapita kukaona khandalo, ndipo atabwerako, m'mawa mwake anandiuza kuti ndipakire m'pikapu mitengo ya bulugamu ndi matabwa okhuthala. Amuna a m'midzi ya tsidya lino ndi tsidya lija anakumba, akazi anatuta miyala, mlatho n'kuima. Sunali wokongola ayi, koma ngolo inkadutsa.

Zisankho zitayandikira, amayi a m'midzi ija anabwera ku sitolo. Analowa gulu, nakhala pa matumba a simenti osadikira mpando. Wamkulu wawo, mzamba wakale wa m'mudzimo, ndiye anayankhula.

"Amama, amuna tawatuma kambirimbiri. Akafika ku Lilongwe njira yobwerera imawasowa. Mbwenu ulendo uno tituma inu."

Mkazi wanga anaseka mpaka misozi. Koma amayi aja sanaseke. Atachoka, anandiyang'ana.

"Bambo a ana, mukuti bwanji?"

Ndinati ine pikapu ndiyendetsa. Apongozi titawauza anapukusa mutu mokondwa, amvekere, "Mwana uyu ine sanandimverepo chibadwire. Kaya Sipikala wa kumeneko akamutha bwanji."

Ulendo woyamba tinagwa. Anapambana bambo wina wa chipani chachikulu, amene anali ndi magalimoto ndi nsalu zogawa. Ine ndinakhumudwa kwambiri moti ndinatha masiku ndisakufuna kutsegula wailesi. Koma mkazi wanga anaphika nkhuku, nandiuza kuti tsopano akudziwa njira iliyonse ya m'deralo, ndi nyumba iliyonse yofuna malata. Sanasiye kupita kumaliro, kumaukwati, ndi kumisonkhano ya makolo pasukulu.

Ulendo wachiwiri anaima payekha, wopanda chipani. Tinkayenda ndi pikapu ya sitolo yomwe ija, titamangirira chimkuzamawu padenga ndi chingwe. Amayi ankadzaza kumbuyo akuimba, fumbi lili koboo. Opikisana nafe anasowa chonena, ndiye anayamba za ine. Ankati mwamuna wake ndi mlendo, komanso akapita ku Lilongwe adzamuphikira ndani.

Pa msonkhano wina waukulu, amuna ovina ingoma atangomaliza kupondaponda ndi zishango zawo, mkazi wanga ananena kuti wamva anthu akudandaulira mwamuna wake. Kenako anangonditambasulira maikolofoni. Sanandichenjeze. Ndinailandira. Ndinasonkhanitsa Chitumbuka chonse chimene ndinatola m'zaka zonsezo, n'kudzisisita pamimba kuti aone umboni woti kuphika ndimadziwa.

"Nkhumanya kuphika ine. Wonani nthumbo!"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Mkulu wina wa ingoma anabwera kudzandipatsa chibonga ndi chishango, nandikokera pakati. Ndinavina moipa kwabasi, mwendo wolakwika nthawi zonse, koma nthungululu zinali ponseponse. Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya mlendo inatha.

Zotsatira zinatuluka masana. Ndinali m'sitolo ndikumuyezera wogula wina misomali pa sikelo pamene wailesi inatchula dera lathu. Misomali inamwazika pansi ponse, ndipo wogula uja anandisiya n'kuthamangira kunja akukuwa. Mkulu wa nsalu anatseka sitolo yake, naitanitsa mbuzi. Akabaza anazungulira msika akuliza mabelu. Mkazi wanga ndinamupeza kuseri, atakhala pa mulu wa matabwa, manja ali pa mawondo.

"Mwapambana, mayi a ana."

"Ndamva," anayankha. "Ndikungopumako kaye. Mawa sadzandilolanso."

Tsiku lolumbira ndinavala suti yosonetsa kwa telala wa pa boma. Mnyamata wolandira alendo ku Nyumba ya Malamulo anandifunsa kuti ndine dalaivala wa ndani. Nditamufotokozera anapepesa, n'kundiperekeza kumalo a mabanja a aphungu. Mzere wonse umene ndinakhala unali wa amayi okhaokha, maduku ataliatali, mafuta onunkhira. Anandilandira bwino kwambiri. Mmodzi, amene amuna awo anali atakhalitsa pa uphungu, anandinong'oneza kuti ndigule ketulo yaikulu ndi mabenchi. Sindinamvetse mpaka titabwerera kunyumba.

M'Nyumba ija amayankhula Chingerezi. Mkazi wanga Chingerezi ankachidziwa, koma cha m'kalasi ndi cha pa malisiti. Ankayeserera m'sitolo, akuloza mitolo ya malata ngati aphungu anzake. Tsiku loti ayankhule koyamba ine ndinali kuchigayo. Tinazimitsa injini, wailesi tinaiika pa thumba la chimanga, anthu anadzaza mpaka panja. Anayamba bwinobwino, za amayi oyembekezera ndi mitsinje yopanda milatho. Mawu anayamba kukwera monga amachitira akapsa mtima. Pakati pa Chingerezi chonsecho tinangomva "basi" wa Chitumbuka uja, "mbwenu!"

Mu wailesi aphungu anaseka. Kuchigayo kunali chisokonezo chenicheni. Amayi oyera ndi ufa anavina mozungulira, amvekere, "Wafika! Wathu wafika!" Chiyambire pomwepo dera lonse linkamutcha Amama Mbwenu, ndipo ngakhale nduna zina zinkamuitana choncho.

Za ketulo zija zinali zoona. Nyumba ikatseka zokambirana, tinkadzuka anthu ali kale pakhonde. Wina mwana wamuthamangitsa kusukulu, wina akufuna galimoto yonyamula wodwala, wina bokosi la maliro. Matabwa athu ambiri anapita m'manda a m'dera limenelo. Ine ndinkathira tiyi ndi kusunga mzere, iye ankamvetsera mmodzimmodzi. Ena ankachoka okwiya, chifukwa sankalonjeza chimene sangathe. Msewu wa tala umene anaumenyera nkhondo zaka zonse sunabwere, mpaka lero. Koma chipinda cha amayi oyembekezera chinamangidwa, mijigo inakumbidwa m'midzi yambiri, ndipo ocheka matabwa m'nkhalango anapeza munthu wowayankhulira akavulala pantchito. Anthu anamusankhanso kachiwiri.

Ine ndinazolowera udindo wanga. Sitolo ndi chigayo zinali m'manja mwanga, ana ndinkawaperekeza ndekha kusukulu zogonera, ndipo kuphika ndinaphunzira zenizeni, poti pamsonkhano paja ndinali nditakokomeza. Pamaukwati ankandipatsa mpando wakutsogolo, wolengeza n'kumavutika kuti anditchule chiyani. Wina anati "olemekezeka aamuna". Dzinalo linandimata.

Nthawi yachiwiri itatsala pang'ono kutha, tinali pa ulendo wochokera ku Euthini, mkazi wanga ali pampando wa pambali. Mwadzidzidzi anati sadzaimanso. Ndinaimitsa galimoto kuti ndimve bwino.

"Adzukulu anga akundidziwira pa wailesi," anatero. "Komanso mpando uja si wa banja lathu. Akhalepo wina, aone mmene umatenthera."

Amayi a kumudzi anabweranso kudzachonderera. Anawaphikira, anaseka nawo, koma sanasinthe. Tsiku lotsanzika anachita phwando pabwalo la sukulu, ndipo apongozi anga, atakalamba kale, anaimirira ndi ndodo n'kunena kuti mwana wawo wabwerako ndi manja oyera. Mkazi wanga analira pagulu, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

Ndinkaganiza kuti tsopano tipuma. Sitolo tinasiyira mwana wathu wamkazi, ife tinasamukira kumudzi. Sipanathe mwezi, mkazi wanga anabwera ndi nkhani ya njuchi. Anapangitsa ming'oma kwa kalipentala, nasonkhanitsa amayi a m'mudzimo kuti aphunzire kufula uchi, ndipo wokwera mumtengo kukapachika ming'omayo anapezeka kuti ndi ine. Uchi woyamba tinaudya ndi chinangwa chootcha, titakhala pakhonde ndi adzukulu, zala zili nyata. Sabata yatha njuchi zinandiluma pachikope, diso linatupa mpaka kutsekeka. Iye anandiyang'ana bwinobwino, nandipaka mankhwala, n'kunena kuti zikungondizolowera, Lachisanu tikapachike ina kumunda wa kuphiri.