Lenzi Yosaona Pafupi

Ife ojambula zithunzi kuno timati kukoka. Munthu ali uko, iwe uli pano, ukapotokola lenzi munthu uja amabwera yekha ngati khoka likamafika kumtunda. Nchifukwa chake anthu akandiona ndi kamera amakuwa kuti, “Tikokeni bwana, tikokeni!” Lenzi yanga yakale, imene inabwera pamodzi ndi kamera, imakoka pang'ono chabe. Koma pa zinkhoswe, pa ubatizo, pa Idi, imandikwanira, chifukwa kumeneko amachita kundiitana ndipo ndimaima pomwe ndafuna.

Ku ukwati wa mwana wanga wamkazi sanandiitane.

Ndinene bwinobwino. Mwanayu ndi woyamba, ndinabereka kwa mkazi wanga woyamba wa ku Liwaladzi, Msilamu. Ine ndine wa kutchalitchi. Anthu pondikomera mtima amati chinatilekanitsa ndi chipembedzo. Ayi. Ndinapita ku Dwangwa kukadula nzimbe mwana ali ndi zaka zisanu, ndinapezako mkazi wina, sindinabwerere. Basi. Mwana analeredwa ndi amalume ake. Kamera ndinaiyamba pambuyo pake, ndiye ana a anthu ndawajambula ambirimbiri, ena mpaka ali ndi ana awo tsopano, koma wanga chithunzi chake ndinalibe ngakhale chimodzi.

Za ukwatiwo, umene Asilamu amati ndowa, ndinazimva pa mlatho wa Bua, kwa mayi wina wogulitsa nsomba zowamba.

“Mwana wanu uja akumanga ndowa mwezi wamawa. Mwasoketsa kale jekete?”

Ndinati eya, ndasoketsa. Ndinagula nsomba ziwiri nkuliza njinga yamoto. Ndinkadikira kuti mwina mtima upweteka. Sunapweteke. Chimene chinabwera m'mutu ndi mtunda basi. Nyumba ya amalume akewo ndimaidziwa, ili m'mbali mwa msewu wa tala. Tsidya lina la msewu pali mtengo wa mango, pansi pake pamakhala mkulu wina wokonza njinga zakapalasa. Kuchoka pamtengopo kufika pakhonde ndi ngati theka la bwalo la mpira. Ndinati ndikaima pamenepo, sindisokoneza munthu, palibe andithamangitse pamsewu wa boma. Chofunika ndi lenzi yokoka kwambiri. Ndikoke nkhope yake kamodzi, ndibwerere.

Malenzi ndinapeza awiri.

Yoyamba inali ku Ngala. Kuli mnzanga wina amagwira ntchito pa loji, amaperekeza alendo okaona mbalame. Mzungu wina anamusiyira lenzi yoyera, yolemera ngati mwana wakhanda. Tinaimanga pa kamera yanga m'mawa, pamchenga. Kutali kunali msodzi m'bwato, kadontho chabe. Nditapotokola, msodzi uja anabwera mpaka ndinaona chigamba pa malaya ake ndi ndudu kukhutu. Ukangokhudza batani imadzifunira yokha munthu, kenako kamawu kakuti tii, chithunzi chili mbee. Ndinatembenukira kwa mnzangayo, amene anali mapazi awiri okha kuchokera pomwe ndinaima. Tii. Mbee, mpaka imvi za m'ndevu.

“Iyi achimwene siisankha,” anatero. “Wa kutali, wa pafupi, onse ndi ake.”

Atatchula mtengo sindinawerengere. Unali mtengo wa njinga yanga yamoto, ndendende. Ndipo njingayo ndi imene imatidyetsa. Chibwerere mafoni, aliyense ndi wojambula, zinkhoswe zondiitana zinachepa, masiku ambiri ndimakhala pa kabaza.

Yachiwiri inali pa boma, kwa bambo wina wokonza mafoni amene amaitanitsa tinthu ku Lilongwe. Yakuda, yaitali ngati mpope wa pamjigo, yopepuka. Yokoka kuposa yoyera ija, koma yosadzifunira munthu. Umapotokola wekha ndi dzanja mpaka chithunzi chiwale, ndipo ukangopuma mwamphamvu chonse chimanjenjemera. Mtengo wake, mbuzi imodzi yaikulu.

Bamboyo sanandinamize, ndisamunenere zoipa.

“Mdala, iyi ndi ya kutali kokha. Munthu akakuyandikirani kuchepera mapazi khumi, imachita khungu. Mudzangoona chifunga.”

Ine ndinati, “Pafupi sindidzafika.”

Anaibwezera m'bokosi lake.

Masabata atatu ndinayenda nawo malenzi awiriwo m'mutu. Ndikanyamula kasitomala ndimapitirira pomwe watsikira, mpaka andimenye paphewa. Ndimati, yoyera ija ndiye lenzi. Mwana amakwatiwa kamodzi. Kenako ndimati, nanga Lolemba lake ndidzadzuka ndi chiyani, lenzi ilibe matayala. Kenako ndimati, mwina ndi lenzi yotere a pa loji azindiitana. Kenako ndimati, ndani akuitane iwe, sukulu unalekeza Sitandade 6, Chingerezi chako ndi cha moni. Zimangozungulira choncho. Sindinganene kuti ndinkavutika. Ndinkadya, ndinkagona. Kungoti chilichonse ndinkachiona ngati chili tsidya lina la msewu.

Mkazi wanga wa panopa ndinamuuza akupeta mpunga. Anasiya kupeta.

“Bambo a ana, mugulitse njinga chifukwa cha chithunzi chimodzi?”

“Sindinati ndigulitsa. Ndikuganiza.”

“Ganizani. Ana atatu awa akamva njala tiziwaonetsa chithunzicho.”

Anayambanso kupeta, kenako anati, “Bwanji osangopita ngati munthu? Mugwire nkhuku, mukagwade kwa alamu anuwo. Kamera muisiye pakhomo.”

Ndinati sizingatheke. Anafunsa chifukwa. Ndinati sizingatheke basi. Chifukwa chake mpaka lero sindichidziwa bwino. Mwina ndi chakuti ndikakhala kuseri kwa kamera ndimadziwa poika manja.

Tsiku lina ndinapita nayo ndithu njinga ku Dwangwa, kwa munthu amene ankaifuna. Anaizungulira, anaponda matayala, anailiza, anati yatha mphamvu koma aitenga. Anatambasula dzanja kuti ndimupatse kiyi. Ndinayang'ana dzanjalo, ndinati ndibweranso mawa. Mawa lake ndinagulitsa mbuzi nkupita pa boma kukatenga yakuda ija. Sikuti ndinasankha ayi. Masiku ndi amene anatha.

Ndinaiphunzira kwa masiku anayi. Ndimaitsamiritsa pa chishalo cha njinga, nkumakoka mbuzi za eni ake, zikwangwani, anthu odikira minibasi. Pa zithunzi khumi, ziwiri zimatuluka zooneka. Ndinati ziwiri ndi zambiri, ine ndikufuna chimodzi.

M'mawa wa tsikulo ndinalongedza chikwama. Chimpope chija chinadzaza malo onse. Lenzi yanga yakale, ya pafupi, ndinaigwira m'manja, ndinati iyi ya chiyani lero, ndinaisiya pawindo. Zaka zonsezi ndikujambula sindinaisiyepo.

Ndinafika pamtengo wa mango cha m'ma teni koloko. Mkulu wokonza njinga uja ataona ndikumanga lenzi anasuntha benchi lake.

“Aise, wabwera ndi mfuti? Ukufuna kuombera ndani pa ukwati wa eni ake?”

Ndinati ndine wojambula. Anati ojambula amakhala mkati mmene muli mpunga, osati kuno. Ndinaseka pang'ono kuti asiye.

Dzuwa linatentha, tala anayamba kuchita nthunzi, ndipo mu lenzi anthu onse ankaoneka ngati ali pansi pa madzi. Malole a shuga ankadutsa nkutseka zonse. Ndinakoka amayi ovala chitenje chofanana, miphika ya mpunga, amuna a mikanjo yoyera akubwera kuchokera kumzikiti. Mayi ake a mwanayo ndinawaona, anenepa. Ndinapotokola, ndinawadutsa.

Kenako nthungululu zinamveka, mkwatibwi anatuluka pakhonde pakati pa amayi. Anavala zobiriwira, kumutu atafunda mpango wautali mpaka kumaso. Ndinadina. Msana wa munthu. Ndinadina. Lole. Ndinadina. Dzanja lake lokha, lolembedwa maluwa. Sankatembenukira kumsewu.

Ndili kalikiliki choncho, mu lenzi munadzaza mkanjo woyera, ukukula, mpaka unasanduka chifunga. Nditachotsa diso ndinapeza amalume ake aoloka msewu, aima patsogolo panga. Akalamba, koma mawu ndi omwe aja.

“Alamu, munthu wobisala amanyamula chimpope chotere? Mudzi wonse wakuonani.”

Ndinaimirira. Ndinati pepani, ndikupita.

“Mupita kuti? Zopitazo munapita kale. Mwana wakuonani pawindo kuyambira mmene munafika. Khalani pompo.”

Anabwerera. Ine ndinakhala pompo. Mkulu wa njinga anasiya kupopa tayala.

Patapita nthawi pang'ono mkwatibwi anatsika pakhonde, atagwiridwa dzanja ndi mayi ake aang'ono. Anadikira minibasi idutse, anaoloka. Nthawi imene ankaoloka ija ndi imene ndikanadina, anali pa mtunda wabwino, akuyang'ana kwa ine. Koma kamera inali ikulendewera pamimba, manja anga ali pansi. Anafika, anagwada pafumbi ndi zovala zake zatsopanozo, mapazi awiri kuchokera pomwe ndinaima. Anakweza mpango.

“Ababa, mwafika.”

Ndinati ndafika.

“Ndijambuleni tsono. Si mwabwerera zimenezo?”

Ndinakweza kamera, diso lina ndinatsinzina monga mwa ntchito. Munalibe munthu. Chifunga chobiriwira chokha, pakati pake pali poderapo. Ndinapotokola mpaka pothera. Ndinabweza. Ndinapotokolanso. Mawu a bambo wa mafoni aja ndinawamva bwinobwino, mapazi khumi. Ndiye ndinayamba kubwerera m'mbuyo. Phazi limodzi. Awiri. Atatu. Iye ali chigwadire.

Mayi ake aang'ono aja anati, “Ii, alamu, mwayambanso kuthawa?”

Sanakalipe, ananena ngati nthabwala, mkulu wa njinga mpaka anaseka. Koma ine ndinaima. Otsala anali mapazi asanu, ndinawawerenga, kumbuyo kunali malo. Ndikanatha kufotokoza kuti ndi lenzi, kuti imafuna munthu akhale kutali. Ndinaona kuti mawu amenewo sangatuluke bwino pakamwa panga. Ndinadina pomwepo.

“Yatheka,” ndinatero.

“Ndione.”

“Ikatsukidwa, mayi.”

Anagwedeza mutu. Galimoto ya akuchimuna inaliza hutala tsidya lija. Anadzuka, anasasa fumbi m'maondo, anatsitsa mpango. Anati mpunga ulipo, wina abweretsa. Anaoloka. Mbale inabweradi, mpunga ndi nyama ya mbuzi, tinadya ndi mkulu wa njinga. Iye anati nyama yafewa. Ine ndinati eya.

Nkhope yake ndinaiona ndi maso anga kanthawi kochepa kaja, ndisanakweze kamera. Pambuyo pake diso lina linali lotsinzina, lina lili m'chifunga. Ndikamayesa kuikumbukira tsopano imabwera mbali imodzi, pena chibwano, pena maso, osati yonse pamodzi. Anthu a mafoni anali mbwee tsiku limenelo, zithunzi zake zilipo zambiri ku Liwaladzi. Ndikanatha kupempha chimodzi. Sindinapemphe. Ndimati ndipita mwezi uno, mwezi umatha.

Chithunzi chija ndinapita nacho pa boma kukatsukitsa. Mtsikana wa pamakina anachiyang'ana pa kompyuta, anati, “Bambo, apa palibe munthu. Mungotaya ndalama.” Ndinati tsukani, chachikulu.

Lenzi yoyera ija inagulidwa ndi munthu wa ku Lilongwe. Mnzanga wa ku Ngala tikakumana amati, “Ndinakuuzani achimwene, siisankha.” Ndimati munandiuza. Pena ndikakhala pa siteji kudikira makasitomala ndimayambanso. Ndikanagulitsa njinga, bwenzi chithunzi chilipo, chakuthwa mpaka nsidze. Bwenzi pano sindinakhale pa njinga. Ndikanaponya ya pawindo ija m'thumba la jekete, bwenzi zonse zilipo, njinga ndi chithunzi chomwe. Kenako kasitomala amabwera, ndimailiza njinga.

Yakuda ija ili pansi pa bedi. Chithunzi ndinafika nacho kunyumba ndinachiika patebulo. Mkazi wanga anapukuta manja pachitenje, anachinyamula, anachiyang'ana nthawi yaitali. Anachipendeketsa, anachitalikitsa, anachiyandikitsanso.

“Chipumichi ndi chanu,” anatero.

Ndinayang'ana pomwe analoza. Panali pobiriwira basi. Ndinati eya.