Perefyumu wa Anthu Awiri

Kabotolo kake kanali kotalika ngati chala changa chapakati, kagalasi lokhuthala, ndipo chitsekerero chake chinali ndi kandodo kagalasi kopakira. Pepala la dzina linali litamatuka kalekale, moti mpaka lero sindidziwa kuti perefyumu ameneyo ankatchedwa chiyani. Kwathu ku Chinamwali tinkangoti "kabotolo" basi.

Abambo anakagula kwa mmwenye wina wachikulire mtauni ya Zomba chaka chimene anakwatira amayi, ndipo kakatha ankapita kukadzazitsa komweko. Mkuluyo anawauza kuti agogo ake ankadzola yemweyo, ndiponso kuti sanali wa amuna kapena wa akazi, anali wa munthu aliyense wofatsa. Sankanunkhira maswiti ngati maperefyumu a masiku ano, amene amalowa m'minibasi mwini wake akadali panja. Ankayamba ngati makoko a lalanje ouma padzuwa, kenako lubani, ndipo pofika madzulo pankatsala kafungo ka thabwa lakale, ngati m'kati mwa kabati ya mabuku kutchalitchi. Mkuluyo atamwalira, ana ake anayamba kugulitsa zina, choncho theka limene linatsala m'kabotolo kathu linali lomaliza.

Mkati mwa sabata abambo ankanunkha utomoni wa paini ndi utuchi, chifukwa ankacheka matabwa pamwamba pa phiri. Koma Lamlungu m'mawa, ndikadali kusaka nsapato yanga ina, ankatsegula kabotolo kaja, n'kupaka amayi kuseri kwa makutu, kenako iwo eni pakolala. Anzawo ankawaseka kuti bambo wamkulu akununkhira akazi ake. Abambo ankangoyankha kuti, "Nanga mumafuna ndizinunkhira akazi a ndani?"

Anamwalira mu Okutobala, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chinali chifuwa, ndipo anagona m'chipatala masabata awiri okha. Ndimakumbukira kuti mitengo ya jakaranda inali itathothola maluwa mumsewu wonse wa kutauni, ndipo dzuwa linkawotcha ngati lakwiya ndi munthu.

Tsiku loika maliro anandiveka yunifomu, chifukwa aphunzitsi ankabwera ndi ana a m'kalasi mwathu, komanso kunena zoona ndinalibe diresi lina looneka bwino. Nthawi yoona nkhope itayandikira, amalume, mchimwene wawo wa amayi, analowa m'nyumba momwe munali bokosi thukuta lili kamukamu. Anati kutentha kwanyanya, ndipo anthu asanayambe kudutsa pakufunika perefyumu. Anagwada pafupi ndi amayi n'kuwafunsa ngati m'nyumbamo munali wina aliyense.

"Mulibe, achimwene," anatero amayi, maso ali pansi.

Ine ndinadabwa kuti amayi aiwala bwanji. Dzulo lake lomwelo ndinali nditawaona akukulunga kabotolo mu sokosi ya abambo n'kukabisa pansi pa matiresi. Ndinali mwana wokonda kuyamikiridwa, wa dzanja m'mwamba aphunzitsi asanamalize funso. Ndinadzambatuka pakati pa azimayi onse aja n'kunena mokweza kuti perefyumu alipo, ndikudziwa pamene ali. Ndinathamangira kuchipinda, ndipo pobwerera ndinayesa kutsegula kuti amalume asavutike. Chitsekerero chinazuka mwadzidzidzi, mafuta ena n'kutayikira pakolala ndi pachifuwa pa yunifomu yanga.

Amalume sanapake kadontho ngati mmene ankachitira abambo. Anakhuthula yense pansalu yoyera ya m'bokosi mpaka nyumba yonse inanunkhira Lamlungu. Kenako anaika kabotoloko pambali pa phewa la abambo, chifukwa kwathu chinthu chimene chagwira ntchito pa mtembo sichibwereranso m'nyumba. Sindiwaimba mlandu. Anachita zimene munthu wamkulu amayenera kuchita, ndipo anandisisita kumutu n'kunena kuti ndine mwana wanzeru. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha. Sindinamvetse kuyang'ana kumeneko, koma kunandichotsera kunyada konse.

Patapita masiku, achibale a abambo anachapa zovala zawo zonse n'kugawana monga mwa mwambo. Jekete ya Lamlungu inapita ku Thondwe, mashati anapita ku Jali. M'nyumba munatsala misomali yokha pakhoma.

Nditayambiranso sukulu, amayi anayamba khalidwe lachilendo. Ndikangofika masana, ndisanamwe ngakhale madzi, ankati, "Vula, bweretsa kuno." Ankatenga yunifomu ija n'kulowa nayo kuchipinda, n'kutseka chitseko. M'mawa ndinkaipeza itapindidwa bwinobwino pampando, koma yosachapa. Loweruka ankachapa china chilichonse, ngakhale zisanza zopukutira mbale, koma yunifomu yanga ayi. Ndikafunsa ankati sinade kwenikweni.

Inada, ndipo inada kwambiri. Fumbi la ku Chinamwali m'chilimwe silichita nthabwala, ndiye onjezerani thukuta ndi madzi a mango osapsa bwino amene tinkagenda pobwerera. Sabata yachitatu kolala inali yoti ungalembepo dzina ndi chikhadabo. Mumtima mwanga ndinatsimikiza kuti chimenechi chinali chilango. Ndinkaganiza kuti amayi asiya kundikonda chifukwa ndinawachititsa manyazi pamaso pa anthu, ndipo ndinkalakalaka akanangondimenya kuti zithe.

Lachisanu lina aphunzitsi ankayendera zikhadabo ndi makolala, rula ili m'manja. Atafika pa ine anaima nthawi yaitali. Sanali munthu wankhanza, anabwera kumaliro ndipo analira nawo, koma ukhondo sankaunyengerera. Anandiimika kutsogolo n'kunena kuti umasiye si chifukwa chokhalira wauve, ndipo anafunsa ngati mitsinje yonse ya m'phiri la Zomba yaphwa. Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali. Ndinalira njira yonse, ndipo sindinawauze amayi chilichonse.

M'mawa mwake amayi anapita kumsika kukapikula tomato. Ine ndinalowa kuchipinda kwawo n'kupeza yunifomu yanga pansi pa pilo, mbali imene ankagona abambo. Ngakhale pamenepo mutu wanga sunagwire ntchito. Ndinatenga sopo wamtanda ndi chitsononkho, n'kutsikira kukamtsinje kamene kamachokera m'phiri. Madzi anali ozizira mpaka zala zinkawawa. Ndinapaka sopo, ndinakhula kolala ndi chitsononkho, ndinamenyetsa pamwala, ndinatsukuluza. Nditanunkhiza, kafungo ka thabwa lakale kaja kanali kakadalipo, kouma mutu, ndiye ndinabwereza kachiwiri ndi kachitatu mpaka panatsala fungo la sopo lokha.

Ndakhala ndikufunafuna perefyumu ameneyo moyo wanga wonse. Ndanunkhiza timabotolo m'masitolo a ku Limbe mpaka ogulitsa kutopa nane, ndipo sindinampeze. Ndikanati ndimpeze, ndikanapita naye kwa amayi ndikuyenda chogwada. Zimandiwawabe, ndipo sindikhulupirira kuti zidzasiya.

Tsiku limenelo amayi anafika chakumasana, dengu lili pamutu. Ine ndinali nditakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, kudikira kuti aone kuti mwana wawo wakula. Yunifomu inali pachingwe, itauma kale, yoyera bwino. Anaima pageti osatula dengu. Kenako analitula pansi mwapang'onopang'ono, anapita pachingwe paja, n'kugwira kolala ndi manja awiri. Anaiika pamphuno. Anaitembenuza, ananunkhiza kuseri, ananunkhiza pachifuwa, ananunkhiza m'misoko mmodzimmodzi.

"Wachapa bwino, mwanawe," anatero chapansipansi.

Atatero anakhala pansi pafumbi pomwepo, yunifomu ili kumaso, n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda, mpaka azimayi oyandikana nafe anatuluka kudzafunsa kuti wamwaliranso ndani. Ine ndinaimirira pambali pawo, sopo akadali m'zikhadabo, ndikuwalonjeza kuti ngati patsala litsiro pena pake andionetse, ndikachapanso.