Amayi anapita osamangidwa

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale kunena kuti ndinagona ndi bodza. Amayi a mpingo anali atatopa ndi nyimbo, atatsamirana pamphasa. Panja nkhungu ya ku Zobue inali itakuta chilichonse, ndipo makamiyau onyamula katundu pa frontera, m'malire ndi Malawi, ankangomveka kulira osaoneka. Azibambo anali atazungulira moto, mabulangeti kumutu.

Bokosi la amayi linali pabalaza, lokhomeratu. Linabwera dzulo lake kuchokera ku Moatize ndi achimwene anga, amene amagwira ntchito ku mgodi wa malasha. Anati thupi analisambitsa kale kumeneko, tisavutike n'kutsegula. Ine zimenezo sizinandichoke m'maganizo usiku wonse. Amayi ako kupita kumanda osawaona nkhope, osawagwira? Kwathu kuno ayi.

Ndi achimwenewo amene anatenga amayi chaka chatha, mutu utayamba kuwasokonekera. Anakawaika ku lar, nyumba yosungirako okalamba, ati kumeneko kuli anamwino. Ulendo womaliza nditakawaona, ndinawapeza ali m'tulo dzuwa lili paliwombo, dovu likuyenderera. Munthu amene anabwerera wapansi kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, mwana kumsana, mtolo pamutu! Mtsikana wogwira ntchito pamenepo anati amawapatsa mapiritsi kuti akhazikike, chifukwa amavuta. Kuvuta kwakeko kunali kufuna kutuluka panja basi.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena panjinga kuchokera ku Kambulatsitsi, ena pa shapa, timinibasi takuno. Kuseri nyemba zinali pamafuwa, utsi ukukanika kukwera ndi chinyezi. Ndinapita kwa azakhali, alongo a malemu bambo, n'kuwauza kuti bokosi litsegulidwe, apo ayi ine kumanda sindipondako. Achimwene anayamba zoti nthawi yatha, abwana awo akudikira. Azakhali anangowayang'ana, n'kutuma mmodzi wa adzukulu okumba manda kukatenga hamala.

Tinatsala akazi okhaokha m'chipinda. Ku Moatize amayi anali atawaveka bulawuzi ya manja aatali, mabatani omanga mpaka kumapeto. Titaivula, kalanga ine! Mikono yonse iwiri inali ndi zilonda zozungulira, zakuda, zina zakale zina zatsopano. M'akakolo chimodzimodzi, ngati mbuzi yokhalira pachingwe. Palibe analira pamenepo. Mayi wina anangotuluka kukalavula.

Tinawasambitsanso ndi madzi ofunda, tinawadzoza mafuta. Kenako mayi wamkulu wosambitsa maliro anang'amba kansalu koyera kuti amange zala zazikulu za kumanja ndi kumapazi, monga timachitira kwathu. Ndinawagwira dzanja mayi wamkuluyo.

"Amayi awa amangidwa mokwanira."

Anati mwambo ndi mwambo, mwana wanga. Ndinati mwambowo akamangire ena. Tinayang'anana nthawi ndithu, mpaka azakhali anatenga kansaluko n'kukapisa m'chiuno mwawo. Manja a amayi tinangowasanjika pachifuwa.

Pamwambo, achimwene anaimirira n'kuuza khamu kuti amayi anasamalidwa bwino, ndipo anatisiya mwamtendere ali m'tulo. Tulo! Inde tulo, ta mapiritsi. Mtima unandiwira, ndinafuna kudzuka kuti ndiwayalutse pomwepo, koma azakhali anandiponda chitenje. Azimayi amene tinali nawo m'chipinda muja anayamba kulira mokweza mpaka mawu a achimwene anamira, ndipo achimwenewo anakhala pansi asanamalize.

Tinanyamuka kupita kumanda kukuwaza mvula yamawawa. Njira inali yoterera, adzukulu ankasinthana bokosi pafupipafupi. Akatekisita anapemphera mofulumira. Ndinaponya dothi langa osayang'ana munthu.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Achimwene analowa ndi thumba la katundu wa amayi limene anapatsidwa ku lar, ati ndisunge. Ndinalikhuthulira pamphasa. Zitenje zawo, zimene ndinkawagulira ine pamsika wa pa frontera, zinali zong'ambidwa m'litali, zopotedwa ngati zingwe, mfundo zikadali momwemo. Achimwene anayamba kulankhula chapansipansi, ati a ku lar anawauza kuti n'zoti amayi asagwe pabedi. Ndiye kuti ankadziwa! Ndinawakankhira mulu wonsewo kumapazi.

"Masulani, achimwene. Zonse."

Anakhala pansi n'kuyamba ndi zikhadabo. Mfundo yoyamba inakana, poti amayi anali ataikoka miyezi yonseyo. Anaigwira ndi mano. Ine ndi azakhali tinakhala pomwepo kuwayang'ana, osawathandiza.