Ndege ya Mawaya ya Ellard

Inu amene mwakhala pansi n'kumati zanga zada, imvani za Ellard.

Chaka cha 2004 chinamupeza ali gone pa sofa ku Hillfields, mu mzinda wa Coventry, kutsidya kwa nyanja. Msana unavulala ku ntchito yonyamula katundu, ntchitoyo n'kuthera pomwepo. Banja ankalidyetsa ndi mkazi wake Chrissy, namwino. Manyazi anamudya Ellard mpaka analongedza sutikesi, kuti abwerere ku Kawale yekha, asiye mkazi ndi mwana.

"Bambo a Zara, kumudziko mukatani?" anafunsa Chrissy.

"Nanga kuno ndikutani? Ndangosanduka furniture."

Tsiku lina Zara, mwana wawo wa ku pulayimale, anabwera ndi buku la kusukulu. Munali chithunzi cha ndege ya Afalansa ya pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse: mapiko awiri osanjikizana, a matabwa ndi nsalu, omangidwa ndi mawaya. Inali yakuda bii, poti inkauluka usiku kukaponya mabomba. Pansi pake panali mateyala anayi.

Ellard anaseka koyamba m'miyezi yambiri. "Iyitu ndi galimoto ya mawaya yomera mapiko!"

Mtima unathawira ku Kawale wa ubwana wake, masiku a fumbi, pomwe ankatola waya ndi malegeni, mateyala n'kupanga ndi zitini za polishi. Anawasowa masiku amenewo mpaka misozi inalengeza.

Anayamba kupanga ndegeyo ndi mahang'ala a Chrissy, zovala n'kumagona pampando. Ndege yoyamba mapiko anagwa. Yachiwiri inapendama ngati nkhuku yodwala chitopa. Zala zinatupa, koma sanaleke. Yachitatu inaima, ndipo anaiika chiwongolero chachitali, monga amachitira mwana aliyense wa kwathu.

Zara anakakamira kuti apite nayo ku Telford, ku chionetsero cha tindege topanga pamanja. Kumeneko tindege timakhala patebulo, sitikhudzidwa n'komwe. Woweruza anati achotse chiwongolerocho, apo ayi salowa mumpikisano.

Ellard anayang'ana mkazi wake. "Ndichotse steering? Ndiye aziyendetsa bwanji?"

Anakana, ndipo sanalowedi. Anangoitsitsa pansi n'kupatsa Zara. Mateyala atayamba kulira, ana onse anasiya matebulo n'kumuthamangira. Mphunzitsi wina anafunsa ngati Ellard angabwere kusukulu kwawo kudzaphunzitsa ana luso limeneli.

Sukulu imodzi inaitana inzake. Pofika 2008 ankazungulira ku Foleshill mpaka ku Birmingham, ndipo Zara ankauza aliyense kuti, "That's my dad."

Sutikesi ija anapitadi nayo paulendo, koma osati ku Kawale. Ndi mmene amanyamuliramo mawaya ndi mapulayazi, madzulo n'kubwerera kwa mkazi ndi mwana wake.

Inunso chilipo chimene manja anu anaphunzira muli opanda nsapato. Musachinyoze, ndipo osataya mtima.