Jezi Youma pa Masiku a Chikho

Nthawi ya korona ndinkagwira ntchito kunja, kudziko la Aluya, ku Al Messila, m'nyumba ya madamu ena amasiye amene ankandisunga bwino, Allah awapatse moyo wautali. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, namwali wamtali ngati bulugamu, amene ankasewera basiketibolo mu timu ya azimayi. Mpira umenewu ine sindinkaudziwa, kwathu ku Machinga tinakulira netibolo. Chomwe ndinkadziwa ndi zovala zake, poti wochapa ndinali ine.

Matenda atachepako, masewero anayambiranso koma opanda oonerera. Achibale ankati mtsikanayo wakula, asiye zothamangathamanga akwatiwe. Madamu anamulola kupitiriza, pokhapokha ine ndizikwera naye galimoto.

"Nawenso uli ndi mwana wamkazi kwanu," anandiuza. "Ukhale maso anga. Ukaona zokhota undiuze, mpira uthere pomwepo, khalasi, basi."

Koma maso anga ankathera pageti. Kuholo ya ku Al Aziziya mlonda ankaona foni ngati ikusonyeza grini, chizindikiro chakuti munthu alibe korona, kenako n'kulowetsa osewera okha. Ine ndinkatsala m'galimoto ndi adalaivala athu, bambo a ku Mangochi, ine tasibihi, mikanda yopempherera, m'manja, iwo akusenda mtedza.

Masewero a ligi anali ndi tsiku lake lodziwika. Ndiye pakati pa nyengo, mtsikana uja anangoti kwabwera chikho, azipitanso masiku ena. Ndinamufunsa kuti chikho chanji ligi isanathe? Ine ndimadziwa kuti chikho chimabwera kumapeto, ngati mphatso za kusukulu. Anati ichi n'chapadera, chimaseweredwa mkatikati. Ndinafunsa timu yomwe akukumana nayo, anatchula yomweyo imene anali atasewera nayo sabata yathayo.

Atalowa, adalaivala anaseka. "Achemwali, chikho chimenechi chili ndi ndevu. Mudzandiuza."

"Achimwene, opani Mulungu. Ndi mwana wa eni ake."

"Ine ndangonena. Holoyi ili ndi khomo lina kuseri, ndinaliona pokhota."

Ndinawadzudzula, koma mawuwo anandikhala pamtima. Ndipo kuchochapira zinthu sizinkagwirizana. Tsiku la ligi jezi inkabwera yonyowa, yolemera thukuta, yoti uigwire ndi zala ziwiri. Tsiku la chikho ndinaipeza m'chikwama youma, yopindidwa momwe ndinaipindira ndekha nditasita, mizere yake ili chilili. Ndinati mwina anabwereka ina. Ulendo wotsatira, chimodzimodzi. Masokosi oyera mbee. Mwiniwake ankatuluka akununkhira mafuta, maso ofiira, n'kukhala kumbuyo akungosisita foni.

Ndinkaswali ndikupempha kuti Allah andichotsere maganizo oipa, poti kuganizira munthu zoipa ndi tchimo. Koma ndikaweramuka pamkeka, jezi ija ili pompo. Ndinkaganiza za mwana wanga amene ndinamusiya ndi mng'ono wanga kumudzi. Munthu ataona zotere pa iye n'kundibisira, ndingamukhululukire?

Adalaivala ankati ndingotseka pakamwa. "Kapena nenani, zikavuta muchoke. Malamulo asintha masiku ano, munthu akutha kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana."

Ine sindinkafuna kuchoka. Ndinkafuna kudziwa.

Madzulo ena tikubwerera, ndinapempha kuti tiime ku Corniche, kunyanja, ndipumeko mphepo. Ndinatsika ndi mtsikanayo, tonse mamasiki kukamwa, tikuyenda m'mbali mwa madzi. Chingerezi changa n'chothyokathyoka, koma ndinamufunsa mosazungulira.

"Mwanangu, mpira wa chikho amasewera osatuluka thukuta?"

Anaima. Anandiyang'ana, misozi n'kuyamba kulowa m'masiki.

"Mama, mumanunkhiza zovala zanga?"

"Ndimachapa. Mphuno sindisiya kuchipinda."

Anaseka pang'ono akulira. Kenako anati timu yawo inaitanitsa azimayi awiri ochokera kunja, amene mpira ndiyo ntchito yawo, kuti awathandize kutenga chikho. Mmodzi amasewera pamalo pake. Ndiye masiku a chikho kochi amamukhazika iyeyo pabenchi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, savula n'komwe chovala chapamwamba.

"Amayi akamva kuti ndimangokhala, anena kuti kukhala ndingakhalenso kunyumba. Chonde, Mama, musawauze."

Ndinamugwira dzanja, mtima unandiwawa. Koma ndinene zoona, sindinakhulupirire zonse. Nkhani yake inali yosalala kwambiri, ngati yokonzeratu. Azimayi akunjawo sindinawaonepo pageti. Nditafunsa, anati amabwera pa basi ya timu, imene imaima kuseri. Kuseri komweko.

Sabata yomweyo madamu anandiitana kukhitchini, natseka chitseko.

"Mwana wanga wasintha. Ukuona chiyani?"

Ndikanatha kunena kuti palibe. Koma bodza kwa munthu amene wandipatsa mwana wake m'manja, lilime linakana. Ndinati amalowa khomo lakutsogolo, amatulukiranso lomwelo, zamkati sindiona. Ndinati masiku a chikho jezi imabwera youma, ndipo mwiniwake akuti amakhala pabenchi.

"Iwe ukukhulupirira?"

"Madamu, Allah ndiye akudziwa. Ine ndanena zimene ndaona ndi zimene ndamva."

Ndinawapempha kuti aimbire kochiyo, poti anali mzimayi mnzathu. Anakana. Anati kufunsa anthu akunja za mayendedwe a mwana wako ndi kumuvula pagulu, mawa mzinda wonse udziwa. Anagamula okha: ku ligi azipita, ku chikho ayi.

Koma kochi anati wosabwera ku chikho asabwerenso ku ligi, timu si sitolo yosankha zogula. Mpira unathera pamenepo.

Mtsikanayo anakhala nthawi osandilankhula. Tikakumana pamasitepe ankayang'ana khoma. Mwezi wa Ramadhani, titamasula kusala, anabwera kukhitchini n'kundiikira zipatso za tende m'manja, nati, "Idyani, Mama." Za holo ija sitinakambenso, ngakhale tsiku limene ndinkatsanzika kubwerera kumudzi. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinamuteteza kapena ndinamulanda chinthu chake chabwino. Pa duwa, popempha kwa Allah, ndimamutchula pamodzi ndi mwana wanga.